Ccache, sccache, Bazel kapena Nix: ndani aziwerenga mzere wa compiler wanu?

Aliyense amene anamangapo pulogalamu yaikulu ya C kapena C++ amaidziwa nthawi yodikira ija. Mwabwerera ku branch ya dzulo kukaona kanthu kamodzi, ndiye kompyuta yayambiranso kukompayila mafayilo mazanamazana omwe inakompayila kale m'mawa. Cache inabwera kudzathetsa zimenezi. Ikaona kuti ntchito yomwe mwapemphayo inachitika kale, imangotapa zotsatira zake m'nkhokwe n'kukupatsani.

Koma kuti inene kuti "ntchito iyi ndi yomwe ija", iyenera kuwerenga mzere wonse wa malamulo womwe compiler, pulogalamu yomasulira source kukhala malamulo omwe makina amamva, yapatsidwa, n'kusankha zoti ziwerengedwe ndi zoti zinyalanyazidwe. Zida zomwe ndikuyerekeza pano zimasiyana pa zambiri, koma kusiyana kwake kwenikweni kwagona pamenepa. Zina zimayesetsa kumvetsa option iliyonse. Zina sizifuna n'komwe kuimvetsa, zimangoudinda mzerewo wathunthu, kutanthauza kuti zimawerengera chidindo chake (hash), nambala yomwe imasintha ngakhale chilembo chimodzi chikasintha.

Zomwe zabisala mumzere umodzi

Taonani mzere uwu, wofanana ndi omwe make kapena Ninja amatulutsa tsiku ndi tsiku:

`gcc -c -O2 -g -I/home/ine/ntchito/include -DNDEBUG -MD -MF obj/a.d -o obj/a.o src/a.c`

Munthu wozolowera amauwerenga mosavuta. Chida choima pakati pa inu ndi compiler chiyenera kuuphwanya liwu ndi liwu. `-o` imameza liwu lotsatira ngati dzina la fayilo yotuluka. `-I` imatha kumamatirana ndi foda yake kapena kusiyana nayo ndi mpata, zonse n'zololedwa. `-Wp,-MD,obj/a.d` yabisa ma option ena m'mimba mwake, olekanitsidwa ndi mipatuliro. `-Xclang` ikutanthauza kuti liwu lotsatiralo lipitirire kwa wina. `@args.rsp` ndi fayilo yomwe m'kati mwake muli mzere winanso wathunthu. Chida chikaphonya kuti option inayake imatenga liwu lotsatira, liwulo chimalitenga ngati fayilo ya source, ndiye zonse zasokonekera.

Ma compiler eni ake ali ndi mndandanda wa zimenezi. Clang amasunga wake mu fayilo yotchedwa `Options.td`, momwe option iliyonse yalembedwa mtundu wake: Flag, Joined, Separate, JoinedOrSeparate, CommaJoined ndi ina. GCC amasunga wake m'mafayilo othera ndi `.opt`. Chida cha cache chimakhala ndi mndandanda wakewake, waufupi, womwe nthawi zonse umathamangira pambuyo pa ma compiler. Ndipo ngakhale compiler imene imatha kupunthwa. clang-cl, yomwe imatsanzira cl.exe ya Microsoft, ikapatsidwa fayilo ya pa macOS yoyamba ndi `/Users/` imaiwerenga ngati option ya `/U`, moti anachita kuikamo chenjezo lapadera la nkhani imeneyi.

Dongosolo la mawu nalonso ndi nkhani. Mukalemba `-O2 -O0`, yomaliza ndiyo imagwira ntchito. Mafoda a `-I` amafufuzidwa motsatana momwe mwawalembera, choncho kuwasinthanitsa kukhoza kubweretsa header ina (fayilo monga ya `.h` yomwe source imakoka). Amene akuganiza zosanja ma option motsatira alifabeti kuti mizere izifanana, asiye.

Pali njira ziwiri zomwe cache ingalakwitsire. Yoyamba ndi kuphonya: zinthu zilimo m'nkhokwe koma sinazizindikire, ndiye mwataya mphindi zingapo. Yachiwiri ndi kukupatsani fayilo yolakwika poganiza kuti ndi yomweyo. Iyi ndiyo yoopsa, chifukwa sichita phokoso.

Ine ndinaiona yachiwiriyi zaka zingapo zapitazo. Tinali anthu ochepa, tikugawana nkhokwe imodzi pa netiweki ya muofesi, ndipo mu Makefile munali `-march=native`. Liwu limeneli limauza compiler kuti igwiritse ntchito luso lonse la purosesa ya makina omwe ikukompayilirapo. Pamakina atsopano linkatanthauza malamulo owonjezera a purosesa otchedwa AVX2, pa laputopu yakale ya mnzathu ayi, koma malembo ake mumzere anali omwewo. Tsiku lina pulogalamu inangofa pa laputopu ija ndi uthenga wakuti `Illegal instruction`. Tinafufuza mu source kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osapezamo vuto, chifukwa vutolo silinali mmenemo. Fayilo ya `.o` inachokera m'nkhokwe, itakompayilidwa pamakina ena. Kuyambira tsiku limenelo ndimayamba ndafunsa chomwe chida chimachita ndi option yomwe tanthauzo lake silili m'malembo ake.

Yambani mwayeretsa mzerewo

Musanasankhe chida chilichonse, pali ntchito yomwe palibe chida chingakuchitireni. Ngati source yomweyo ikutulutsa mabayiti osiyana pamakina awiri, nkhokwe yogawana siingakuthandizeni kwenikweni, ndipo munthu wina sangatsimikize kuti pulogalamu yomwe mwamupatsa inachokeradi ku source yomwe mwamuonetsa. Anthu a Debian anayamba kulimbana ndi nkhaniyi mwadongosolo mu 2013, ndipo ntchito yawo inakula n'kukhala Reproducible Builds. Mabowo aakulu omwe anapeza ndi atatu: foda, nthawi ndi makina.

Foda imalowa kudzera mu `-g` ndi mu `__FILE__`. Mankhwala ake ndi `-ffile-prefix-map=/home/ine/ntchito=.`, yomwe inabwera mu GCC 8 ndi Clang 10. Nthawi imalowa kudzera mu `__DATE__` ndi `__TIME__`. `-Wdate-time` imakuonetsani pomwe zabisala, ndipo `SOURCE_DATE_EPOCH`, yomwe malamulo ake analembedwa mu 2015 ndipo GCC anayamba kuimvera mu GCC 7, imaimitsa wotchi pa nthawi yomwe mwasankha. Pa makina, lembani dzina lenileni monga `-march=x86-64-v2` m'malo mwa `native`. Mukamanga kawiri n'kupeza kusiyana, diffoscope imakulozerani malo ake enieni.

Koma taonani msampha wake: option yochotsera foda ija ili ndi foda yomweyo m'kati mwake. Zotuluka zafanana, koma mizere ya anthu awiri yasiyanabe. Momwe chida chilichonse chimachitira ndi nkhani yaing'onoyi zikuonetsa khalidwe lake lonse.

Miyezo yanga

Ndiyeza chilichonse pa zinthu zinayi. Mtengo: ndalama, disiki, data ya intaneti, makamaka masiku a anthu omwe apite poyambitsa. Kupezeka kwake: makina ndi ma compiler omwe chimagwira nawo ntchito. Kusamalira: zomwe muzichita mwezi ndi mwezi chikayamba kuyenda. Zoopsa: pomwe chingakupatseni fayilo yolakwika, kapena kukusiyani mukuganiza kuti chikugwira ntchito chisakugwira. Kwa ife amene intaneti timachita kugula bandulo ndipo magetsi amatha kuzima ntchito ili m'kati, funso loti chidacho chimatani chikalephera kufika pa seva ndi lofunika kwambiri, choncho ndizilikhudza.

Ccache

Andrew Tridgell, yemwe amadziwikanso ndi Samba ndi rsync, analemba ccache mu 2002, ndipo kwa zaka zambiri tsopano amene akuisamalira ndi Joel Rosdahl. Version 4.0 ya mu 2020 inalembedwa mu C++, imadinda ndi BLAKE3 ndipo imapanikiza mafayilo ndi Zstandard. Mwa zida zonse pano, iyi ndi yomwe imaumvetsa kwambiri mzere wa compiler.

Ili ndi njira ziwiri zazikulu. Pa njira ya preprocessor, imayamba yathamangitsa preprocessor, gawo la compiler lolowetsa ma header mu source, n'kudinda zotuluka zake. Apo ma option monga `-I` ndi `-D` safunika kulowa m'chidindo, poti ntchito yawo yaonekera kale m'zotulukazo. Pa njira ya direct, yomwe inabwera mu 3.0, imadinda source ndi ma option, n'kuyang'ana pa mndandanda womwe inasunga wa ma header omwe anagwiritsidwa ntchito ulendo watha. Ngati onse sanasinthe, preprocessor siithamanga n'komwe. Msampha wa `-ffile-prefix-map` uja ccache amaudziwa: foda yakaleyo saiika m'chidindo. Mukaika `base_dir`, imasinthanso mafoda athunthu a mumzere kuti aziyambira pomwe mwaima, kuti anthu awiri okhala m'mafoda osiyana azipeza zofanana.

*Mtengo.* Ndi yaulere, pansi pa GPL. Mukapanda kusintha, nkhokwe imakula mpaka 5 GB. Kuiyambitsa ndi ntchito ya mphindi zochepa: mu CMake mumangoika `CMAKE_C_COMPILER_LAUNCHER` ndi `CMAKE_CXX_COMPILER_LAUNCHER` kuti zikhale `ccache`. Ulendo woyamba umachedwerapo pang'ono chifukwa ikudzaza nkhokwe.

*Kupezeka kwake.* Ili mu Debian, Ubuntu, Fedora, Arch, Homebrew ndi FreeBSD. Imagwira ndi GCC, Clang ndi nvcc, ndipo kuyambira 4.6 ndi MSVC ya Microsoft yomwe. Kusunga pa seva ya HTTP kapena Redis kunabwera mu 4.4. Chenjerani ndi makina akale: Ubuntu 20.04 inabwera ndi 3.7, yomwe zonsezi ilibe. Siifuna intaneti ngakhale pang'ono ngati nkhokwe ili pa disiki yanu.

*Kusamalira.* Ntchito yake ndi yochepa, koma musaiwale `ccache -s`. Lamulo limeneli limakuuzani kangati yapeza, kangati yaphonya, ndi kangati yakana kugwira ntchito. Ikakumana ndi option yomwe ikudziwa kuti singaikwanitse, kapena mzere wokhala ndi mafayilo a source angapo, kapena wa linker (yolumikiza mafayilo a `.o` kukhala pulogalamu imodzi), imangopereka ntchitoyo kwa compiler osasunga kanthu. Gulu likhoza kutha miyezi likuganiza kuti lili ndi cache pamene theka la mizere likungodutsa. Ikamaphonya popanda chifukwa chooneka, yatsani `CCACHE_DEBUG`: pafupi ndi fayilo iliyonse ya `.o` imalemba zonse zomwe zinalowa m'chidindo, ndiye mumangoyerekeza za maulendo awiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma yankho limakhalamo ndithu. Kawirikawiri mupeza kuti ndi `compiler_check`: mwachizolowezi ccache amazindikira compiler poona kukula kwake ndi nthawi yomwe fayilo yake inasinthidwa, ndiye mu container yomwe imamangidwanso kawirikawiri nthawiyo imatha kusintha. Ikani `content` kuti izidinda compiler yeniyeniyo.

*Zoopsa.* Kumvetsa kwake komweko ndiye khomo la ngozi. Option yatsopano yomwe imawerenga fayilo ina mwakachetechete, ngati ccache sakuidziwa, amadinda dzina la fayiloyo osati zam'kati mwake. Kwa zaka zambiri malangizo ake ankachenjezanso poyera kuti njira ya direct imakumbukira ma header omwe anapezeka, koma osati header yatsopano yomwe mwaika mufoda yomwe imafufuzidwa poyamba. Werengani malangizo a version yanu pa mfundo imeneyi. Choopsa china ndi `sloppiness` ndi `ignore_options`, zomwe zimakulolani kuuza ccache kuti asamaone zinthu zina. Manambala a `ccache -s` amakongola kwambiri mukaziyatsa, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mukayatsa `time_macros`, pulogalamu yanu izinena tsiku lomwe si la lero. Yatsani chokhacho chomwe mungathe kufotokozera mnzanu chifukwa chake.

Sccache

Iyi ndi ya Mozilla, omwe amamanga Firefox kambirimbiri pa tsiku. Inayamba mu Python, kenaka inalembedwanso mu Rust mu 2016. Kawerengedwe kake ka mzere n'kofanana ndi ka ccache: ili ndi mindandanda yake ya ma option a GCC, Clang, MSVC ndi rustc. Kusiyana kwake n'kwakuti inabadwa ikuganiza za nkhokwe yakutali.

*Mtengo.* Yaulere, pansi pa Apache 2.0, ndipo pa disiki imatenga mpaka 10 GB mukapanda kusintha. Ndalama zimalowa mukasankha kusunga ku Amazon S3, Google Cloud Storage kapena Azure: mumalipira malo osungira ndi data yotuluka, ndipo mumalipira mu ndalama zakunja. Pa GitHub Actions ikhoza kugwiritsa ntchito cache ya komweko, yomwe imafufuta zinthu zosakhudzidwa kwa masiku 7.

*Kupezeka kwake.* Linux, macOS ndi Windows. Pa Rust ndiyo yomwe anthu ambiri amagwiritsa ntchito: mumangoika `RUSTC_WRAPPER=sccache`. Imalankhulanso ndi Redis, Memcached ndi WebDAV, choncho kompyuta imodzi ya muofesi ikhoza kukhala nkhokwe popanda kupita kunja.

*Kusamalira.* Imayenda ngati seva yaing'ono pamakina anu, yomwe imadzuka mukaitana koyamba n'kugona ikakhala mphindi 10 osagwira ntchito. Izi zimasokoneza ambiri: mukasintha komwe nkhokwe ili seva ija ili kale maso, kusinthako sikumveka mpaka mutalemba `sccache --stop-server`. Makiyi olowera ku malo osungira nawonso amafuna munthu wowayang'anira.

*Zoopsa.* Pa Rust sisunga ma crate (mapukusi a Rust) omwe amadutsa mu linker, monga mapulogalamu omalizidwa ndi ma proc-macro, ndiponso omwe akumangidwa mwa incremental. Imakhudzidwa kwambiri ndi mafoda, choncho njira yodalirika ndi yoti makina onse azimangira mufoda ya dzina limodzi. Pa MSVC, `/Zi` imalemba fayilo imodzi ya PDB yomwe mafayilo ambiri amagawana, zomwe cache ya fayilo imodziimodzi singazisunge bwino. Gwiritsani ntchito `/Z7`, ndipo langizoli likukhudzanso ccache. Choopsa chachikulu ndi cha nkhokwe yogawana: aliyense amene ali ndi chilolezo cholembamo akhoza kuikamo fayilo yoipa, mwangozi kapena mwadala, ndipo ikaola imodzi zaola zonse. Lolani makina a CI okha, aja omanga ndi kuyesa pulogalamu popanda munthu wowayendetsa, kuti azilemba, anthu azingowerenga. Ndipo yezani musanakondwe: pa intaneti yoyenda pang'onopang'ono, kutsitsa fayilo ya `.o` yodzaza ndi zinthu za `-g` kukhoza kuchedwa kuposa kungoikompayila.

Ena amasokoneza zida ziwirizi ndi distcc ya Martin Pool kapena icecream ya SUSE. Zimenezo sizisunga kanthu, zimangogawa ntchito kumakina ena. Zimayenda bwino kumbuyo kwa ccache kudzera mu `CCACHE_PREFIX`, koma distcc musaitsegulire khomo loyang'ana ku intaneti.

Bazel

Apa maganizo ndi ena. Bazel inachokera ku Blaze, chida cha m'kati mwa Google. Inatulutsidwa poyera mu 2015 ndipo version 1.0 inafika mu 2019. Siima pakati pa inu ndi compiler kumvetsera mzere wolembedwa ndi wina. Mzerewo imaulemba yokha. Ntchito iliyonse, kaya kukompayila, kaya linker, kaya kuyesa pulogalamu, imakhala ndi chidindo chopangidwa kuchokera ku mzere wonse, ma variable a environment omwe aloledwa, ndi zam'kati mwa fayilo iliyonse yomwe mwalengeza kuti ilowa. Siifunsa tanthauzo la `-O2`. Chilembo chimodzi chikasintha, ndi ntchito ina.

Kuti zimenezi zisadzetse kuphonya kosatha, imaonetsetsa kuti mumzere mulibe foda yanu. Mafoda onse amayambira pamalo amodzi, ntchito imachitikira mu sandbox momwe mafayilo osalengezedwa a pulojekiti saoneka, ndipo pa C++ imaika mawu akuti `redacted` m'malo mwa `__DATE__`, `__TIME__` ndi `__TIMESTAMP__`. Msampha wa foda uja suipeza chifukwa fodayo sinalowemo chiyambire.

*Mtengo.* Pulogalamuyo ndi yaulere, koma mtengo wake weniweni ndi waukulu kuposa zonse pano. Muyenera kulembanso dongosolo lonse lomangira m'mafayilo a BUILD, mu chinenero cha Starlark, n'kulengeza chilichonse chomwe chimadalira chinzake. Pa pulojekiti yakale imeneyi ndi ntchito ya masabata kapena miyezi. Seva yake ndi ya Java ndipo imadya memory. Walira mvula walira matope.

*Kupezeka kwake.* Linux, macOS ndi Windows. Bazelisk imaonetsetsa kuti aliyense ali pa version yomwe yalembedwa mu `.bazelversion`. Nkhokwe ikhoza kukhala pa disiki ndi `--disk_cache`, kapena pa seva monga bazel-remote, Buildbarn kapena BuildBuddy. Ulendo woyamba imatsitsa zinthu zambiri pa intaneti, choncho konzekerani bandulo.

*Kusamalira.* Pamafunika munthu amene Bazel ndi gawo la ntchito yake. Zinthu zimasintha: njira yakale ya WORKSPACE inalowedwa m'malo ndi Bzlmod, yomwe inayatsidwa mwachizolowezi mu Bazel 7, ndipo mu Bazel 8 WORKSPACE inazimitsidwa. Library iliyonse yakunja yomwe ilibe mafayilo a BUILD, wina ayenera kuilembera.

*Zoopsa.* Pali bowo lomwe ambiri saliyembekezera. Mukapanda kuipatsa toolchain yanuyanu, Bazel imagwiritsa ntchito compiler ya pamakinapo, monga `/usr/bin/gcc`, ndipo zam'kati mwa compiler imeneyo sizikhala m'gulu la mafayilo odindidwa. Makina awiri okhala ndi GCC wosiyana pamalo amodzimodziwo akhoza kupatsana mafayilo. Choncho amene akufuna nkhokwe yogawana ayenera kulengeza compiler ngati gawo la pulojekiti, kapena kumangira mu container imodzi. `PATH` yosiyana nayonso imabweretsa kuphonya, n'chifukwa chake pali `--incompatible_strict_action_env`. Ndipo `--remote_upload_local_results=false` pamakina a anthu imatseka khomo lija la fayilo yoola.

Nix ndi Guix

Izi zimakwera pamwamba kwambiri. Eelco Dolstra anayamba Nix mu 2003 ali ku yunivesite ya Utrecht, ndipo Ludovic Courtès anayamba Guix mu 2012 pa maziko omwewo koma mu chinenero cha Scheme. Chomwe chimadindidwa pano ndi malangizo omangira phukusi lonse, pamodzi ndi zidindo za chilichonse chomwe likudalira, kuphatikizapo compiler ndi libc. Zotuluka zimakhala mu `/nix/store`, mufoda yomwe dzina lake layamba ndi chidindocho. Bowo la Bazel lija pano latsekedwa.

Chosangalatsa n'chakuti Nixpkgs, mndandanda wa mapukusi a Nix, nayonso imawerenga mzere, koma ndi cholinga china. Compiler yake yakutidwa ndi script yomwe imachotsa mafoda ochokera kunja kwa store ndi foda yomangiramo, ndiponso imataya `-march=native`. Nixpkgs imaikanso `SOURCE_DATE_EPOCH` pa 315532800, lomwe ndi tsiku la 1 Januwale 1980, chifukwa mafayilo a zip satha kusunga tsiku lakale kuposa pamenepo.

*Mtengo.* Zaulere, ndipo cache.nixos.org ili ndi mapukusi omangidwa kale. Mtengo wake ndi kuphunzira chinenero chake, komwe kumatenga nthawi, ndi disiki, chifukwa store imasunga ma version ambiri a chinthu chimodzi.

*Kupezeka kwake.* Nix imayenda pa Linux iliyonse ndi pa macOS, ndipo pa Windows kudzera mu WSL. Guix ndi ya Linux makamaka. Nkhokwe ya gulu lanu ikhoza kukhala seva wamba ya HTTP, kapena Cachix. Zomwe zalowa mu store zimagwira ntchito popanda intaneti, ndipo `nix copy` imatha kuzisamutsa kuchoka pamakina ena kupita pa ena muofesi momwemo.

*Kusamalira.* Kusesa store ndi `nix-collect-garbage`, kusunga bwino makiyi osainira mapukusi, ndi kusankha tsiku losunthira Nixpkgs patsogolo.

*Zoopsa.* Muyezo wake ndi phukusi, choncho mukasintha mzere umodzi wa source, phukusi lonse limamangidwanso. Mukasintha option imodzi pa chinthu chapansi monga compiler, chilichonse chapamwamba pake chimamangidwanso ndipo cache ya onse ija sikuthandizaninso. Dziwaninso kuti chidindo chofanana chikutanthauza zolowa zofanana, osati mabayiti ofanana. Kuti mutsimikize mabayiti, mangani kachiwiri ndi `nix-build --check`, kapena gwiritsani ntchito `guix challenge`.

Kulemba chanuchanu

Chiyeso ichi chimabwera kwa ambiri: ka script kakang'ono koima m'malo mwa `gcc`, kochotsa ma option angapo n'kudinda otsalawo.

*Mtengo.* Tsiku loyamba kamaoneka kotchipa. *Kupezeka kwake.* Paliponse pomwe pali shell kapena Python. *Kusamalira.* Kosatha, chifukwa compiler iliyonse yatsopano imabwera ndi ma option atsopano. *Zoopsa.* Zonse zomwe ndatchula pamwambapa, popanda zaka zoposa 20 za anthu omwe anagwa kale m'maenje amenewa n'kuwakwirira.

Ngati palibedi kuchitira mwina, tsatani malamulo atatu. Option yomwe simukuidziwa ikhale chifukwa chokanira kusunga, osati chinthu chodumpha. Werengani `compile_commands.json` yokhala ndi gawo la `arguments`, lomwe mawu ake ndi olekanitsidwa kale, m'malo mwa `command` yomwe muyenera kuiphwanya nokha ngati shell. Ndipo funsani compiler yeniyeniyo ndi `-###`, ikuonetsani zomwe ikufuna kuchita popanda kuzichita.

Ndiye musankhe chiti?

Ngati muli nokha kapena awiri, mukumanga C kapena C++ ndi make kapena CMake pa laputopu, ikani ccache lero. Ikani `base_dir` ngati mumasunga pulojekiti imodzi m'mafoda angapo, musakhudze `sloppiness`, ndipo pakatha sabata onani `ccache -s`.

Ngati ndinu gulu laling'ono muofesi imodzi ndipo intaneti ndi yodula kapena yosadalirika, khalanibe pa ccache ya 4.4 kupita m'tsogolo, n'kuika Redis kapena seva ya HTTP pakompyuta imodzi ya momwemo. Aliyense amakhalabe ndi nkhokwe yake pa disiki, choncho seva ikazima ntchito siima. Gwirizanani compiler imodzi ndi `-march` imodzi musanayambe kugawana.

Ngati pulojekiti yanu ndi ya Rust, kapena Rust wosakaniza ndi C++, kapena CI yanu imayamba ndi makina opanda kanthu ulendo uliwonse, sccache ndiyo yoyenera. Mangirani mufoda ya dzina limodzi ndipo zimitsani incremental pa CI.

Bazel ndingailimbikitse pokhapokha muli ndi repository imodzi yaikulu ya zinenero zingapo, anthu ambiri, nthawi yochuluka ikuthera pa linker ndi pa mayeso zomwe ccache sasunga, ndipo pali munthu amene wapatsidwa udindo woisamalira. Chimodzi mwa zimenezi chikasowa, makamaka chomalizacho, dikirani.

Ngati vuto lanu lalikulu ndi loti pulogalamu yomwe mwapereka kwa kasitomala lero mudzathe kuimanganso chimodzimodzi pakatha zaka zitatu, kapena loti munthu wina atsimikize zomwe mwatulutsa, pitani ku Nix kapena Guix. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku lowani mu shell yomwe Nix yakukonzerani, kuti compiler ikhale imodzi kwa onse, ndipo m'kati mwakemo muziyendetsa ccache. Version yopita kwa anthu muziimanga cache ya compiler itazimitsidwa, kawiri, pamakina awiri osiyana, kenaka muyerekeze zotulukazo ndi diffoscope.